Kumene mandasi amatchedwa mafetikuku

M'komboni ya esiteti ina ya tiyi m'chigwa cha Honde, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, muli khomo limodzi limene utsi umayamba kufuka tambala woyamba asanalire. Pakhomopo pamakhala agogo ena a zaka zoposa 70, m'nyumba imene mwana wawo wamwamuna anapatsidwa chifukwa chogwira ntchito m'fakitale. Iwo eni anathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana unakana dengu. Tsopano ntchito yawo ndi beseni, chiwaya ndi mbaula. Anthu othyola tiyi akamatuluka m'bandakucha, madengu ali kumsana, nkhungu idakali pamwamba pa minda, amapatukira pakhomopo n'kuitanitsa m'Chimanyika: uyu akufuna mafetikuku awiri, uyo atatu, winayo akupempha ngongole mpaka tsiku la malipiro. Agogo amawakulungira m'pepala, nalandira ndalama, nawayankha m'Chimanyika chomwecho, chimene amachiyankhula ngati mbadwa. Koma liwu lakuti mafetikuku silinatulukepo pakamwa pawo. Kwa iwo zimene zili m'chiwayamo ndi mandasi, monga ankanenera amayi awo.

Anafika m'chigwachi mu 1957 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963. Bambo awo anali a ku Mulanje, ndipo tiyi ankamudziwa kale. M'tsinde mwa phiri la Mulanje tiyi anayamba kulimidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene ku Honde minda ikuluikulu monga Aberfoyle ndi Eastern Highlands inali kutsegulidwa kumene m'zaka za m'ma 1950. Munthu wodziwa kudulira tiyi ndi kuthyola masamba awiri ndi kansonga sankasowa ntchito. Anthu ambiri a ku Nyasaland ankalowa m'dzikolo wapansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Banja ili linakwera sitima pa Luchenza, linatsika mpaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, linawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, linasintha sitima ku Dondo, n'kukwera mapiri mpaka ku Umtali, kumene lero ndi ku Mutare. Pa ulendo wonsewo agogo amakumbukira zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa mlatho, ndi chitini cha mandasi amene amayi awo anakazinga usiku wonyamukira, n'kumagawira ana pang'onopang'ono kuti akafike nawo.

Bambo aja ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Adzagwira zaka zitatu, agule njinga ndi makina osokera, abwerere kwawo. Anaikidwa m'manda a pa esiteti pomwepo, ndipo kumudzi anawawerengera m'gulu la machona.

Liwu lakuti mandasi nalonso linafika m'Chichewa ngati mlendo. Linachokera ku Chiswahili cha kugombe la nyanja ya mchere, kumene amati mandazi kapena maandazi, dzina logwirizana ndi mneni wakuti kuandaa, kutanthauza kukonza chakudya. Ndi m'bale wake wa sefuliya, imene kugombeko ndi sufuria. Litafika m'kamwa mwa Achewa ndi Anyanja, z uja anasanduka s, ndipo ma wa kumayambiriro anamveka ngati ma wa mazira ndi masamba, wonena zinthu zambiri. N'chifukwa chake ena akafuna kutchula chimodzi amati ndasi, pamene Mswahili amati andazi. Owoloka malire amadziwa kuti maina a chakudya chimenechi ndi msampha. Ku Chipata ndi ku Lusaka munthu akaitanitsa vitumbuwa amalandira zokazinga za ufa wa tirigu. Ku Lilongwe kapena ku Zomba akaitanitsa zitumbuwa amalandira za nthochi ndi mgaiwa. Kugombe komwe dzinalo linachokera, vitumbua ndi za ufa wa mpunga. Mafetikuku a ku Zimbabwe ndi vetkoek ya Chiafrikaans, kutanthauza keke ya mafuta. Ku Johannesburg amati amagwinya, ku Kinshasa mikate, ku Lagos puff-puff. Choncho mandasi si dzina loyera kuposa mafetikuku. Onse awiri anayenda mtunda, ndipo onse awiri anapindidwa ndi malilime amene anawalandira. Kusiyana kwake kwa agogo n'kwakuti limodzi analimva kwa amayi awo, linalo analimva kwa ogula.

Kapangidwe kawo sikanalembedwe paliponse. Muyeso wawo ndi kapu yachitsulo yobenthuka m'mphepete, ndi dzanja. Munthu ataika pa sikelo zimene amathira, angapeze ufa wa tirigu kilogalamu imodzi, kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 10, shuga kapu imodzi yosadzaza, mchere supuni yaing'ono ndi theka, ndi madzi ofunda pafupifupi mamililita 700. Pamenepo pamatuluka mandasi okwana 30 kapena kupitirira pang'ono. Mazira ndi mkaka amathira pa Khirisimasi pokha, pakuti mandasi ogulitsa kwa munthu wothyola tiyi sangasenze mtengo wa dzira.

Amayamba ndi kusefa ufa m'beseni, nasakaniza zouma zonse, nakumba kadzenje pakati. Madzi amawayesa pakhungu la kuseri kwa dzanja: akhale ngati osambitsira khanda. Yisiti ndi chamoyo. Imadya shuga n'kutulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umatupitsa ufa. M'madzi ozizira imagona, m'madzi otentha kufika madigiri 60 imafa, ndipo ikafa palibe chimene chingaidzutse. Shuga akachuluka imachita ulesi, komanso mandasi amada kunja m'kati musanapse. Mchere umaigwira kuti isathamange, ndiponso ndi umene umachititsa kuti kutsekemera kumveke.

Kenaka n'kukanda. Ufa wa tirigu uli ndi ulimbo wake umene umadzuka ukakumana ndi madzi ndi dzanja. Kukanda kumaulukanitsa ulimbowo kukhala ngati ukonde, ndipo ukondewo ndi umene umakola mpweya wa yisiti. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo wotere, n'chifukwa chake ngakhale utathiridwa yisiti yochuluka bwanji sungatulutse mandasi. Agogo amakanda mpaka mibulu itatha ndipo ufawo uyamba kunanda, kumatsatira dzanja akalikweza koma osaduka msanga. Usaume ngati wa buledi, usachite madzi ngati phala. Akatero amavundikira beseni ndi chitenje n'kulisiya. M'miyezi yotentha, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, chigwa cha Honde chimakhala ngati uvuni wa nthunzi, ndipo ola limodzi lisanathe ufa umakhala utakankha chitenje. Mu Juni umafuna maola awiri kapena atatu. Ukasiyidwa kupitirira nthawi umanunkha ngati masese, umaphwa, ndipo mandasi ake amawawasa.

Mafuta amathira ochuluka ndithu kuti mandasi ayandame osakhudza pansi pa chiwaya. Ophika a m'mahotela amati afike madigiri 170 mpaka 180. Agogo amatsina kaufa kochepa n'kukagwetsamo. Kakamira n'kukhala pansi, mafuta sanatenthe, ndipo mandasi adzamwa mafuta ngati chinkhupule. Kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka, ndipo amachotsako makala. Kakamira n'kubwerera pamwamba msanga kali ndi thovu m'mbali, nthawi yakwana. Amanyowetsa dzanja, natapa ufa, naufinya kuti utuluke pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala uli wozungulira, nausiya pafupi kwenikweni ndi mafuta. Sadzaza chiwaya, pakuti mandasi akathithikana mafuta amazizira. Ena amatembenuka okha mbali imodzi ikapepuka, ena amafuna kukankhidwa ndi kamtengo. Akafiira mbali zonse amawavuula n'kuwaika m'lichero loyalidwa pepala. Savundikira adakali otentha, chifukwa nthunzi ikabwerera imawafewetsa khungu.

Padzanja lamanja la agogo, pafupi ndi polumikizira mkono, pali chipsera chachikulu ngati ndalama yachitsulo. Chinabwera ndi liwu limodzi. Mdzukulu wawo wamkazi, mwana wa mwana wawo wa m'fakitale uja, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadzuka tsiku lina usikusiku kuti awathandize. Mafuta anali kale pamoto kudikira beseni loyamba. Agogo anamuikira beseni lachiwiri patsogolo nati, “Iwe, kanda.” Mwanayo anakulira m'Chimanyika, kusukulu ndi kumasewera, ndipo m'Chishona kukanda ndi kuponya. Anayang'ana agogo ake, anayang'ana chiwaya, natapa ufa wodzaza manja awiri n'kuuponya m'mafuta ali chiimire. Agogo anaona dzanja likukwera, natchinga nkhope ya mwanayo ndi mkono wawo. Mafuta anagwera pa iwo.

Mwanayo analira kuposa wopsayo. Agogo atamiza dzanja m'ndowa ya madzi anamufunsa chimene anachitira zimenezo, ndipo iye anayankha m'Chishona kuti, “Mwati ndiponye, Mbuya.” Sanam'menye. Anakhala chete nthawi yaitali dzanja lili m'madzi, pakuti anazindikira kuti mwanayo anamvera ndithu. Anamvera m'chiyankhulo china.

Zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale, ndipo ubale womwewo ndi umene umapusitsa. Mshona akati mvura amanena madzi akumwa ndi mvula yomwe, pamene Mchewa amasiyanitsa. Mchewa akati mandasi apsa ndiye kuti afika podya, koma khutu la Chishona limamva kutsva, kumene ndi kupserera, popeza kupsa kwa chakudya iwo amati kuibva. Munthu amamva liwu lodziwika n'kuyesa kuti wamvetsa. Agogo anakhala zaka zonsezo akuyankhula Chichewa kwa adzukulu, iwo n'kumayankha m'Chishona, aliyense n'kumaganiza kuti akumvana.

Kuti Chichewa chifike pothera m'nyumbamo sikunali kunyozera kwa ana. Mwana wa m'komboni ankaphunzira msanga kuti chiyankhulo cha kwawo n'chosekedwa. Ankatchedwa Mubhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, kapena Munyasarande, kapena mubwidi, limene ndi chipongwe chenicheni. Gule Wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ankaopsezera ana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mawu akuti anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda chiwongo, anamveka ngakhale pamisonkhano ya ndale, kunena anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Agogo, amene chiwongo chawo ndi cha Aphiri ndipo amayi awo anali a kwa Banda, ankangopukusa mutu. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo anauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene sanawapondepo, apo ayi ataya wa dziko lobadwira. Mwana wawo wa m'fakitale anali mmodzi mwa iwo. Bambo wotere akasankha kuyankhula Chishona chokha kwa ana ake, amakhala akuwatchinga monga agogo anatchingira nkhope ya mdzukulu.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza zina. Anati wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene akukhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Anaikanso Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo chifukwa cha dongosolo la zilembo ndicho chimayambirira kutchulidwa. Mwana wawo anapindula. Agogo eni, popeza anabadwira ku Mulanje, chitupa chawo chimawatchulabe mlendo, ngakhale kuti kwawoko anachokako asanamere mano onse achikulu. Ndipo kulembedwa m'malamulo sikunabweze chiyankhulo m'nyumba. Chimamveka pa wailesi ya National FM nthawi zake, chimamveka m'mapemphero a CCAP m'matauni ndi m'migodi, chimamveka m'nyimbo za gule. Koma chiyankhulo chimathawa malo amodziamodzi: chimachoka kusukulu, chimachoka kuntchito, chimachoka pabwalo, mpaka chitsala pamene pali munthu wamkulu ndi ntchito ya manja. M'nyumba iyi chinatsala pambaula.

Chichitikire ngozi ija agogo anasintha kaphunzitsidwe. Sankangolamula. Ankagwira dzanja la mwanayo n'kulilowetsa mu ufa, uku akutchula: uku ndi kukanda. Ankamuonetsa chitenje chitakwera: uku ndi kutupa, ena amati kufufuma. Kusefa, kuvundikira, kutsina, kutembenuza, kuvuula, kuphula, kupsa, kupserera. Mwanayo sankabwereza mawuwo. Ankangochita, ndipo manja ake anayamba kumva Chichewa pakamwa pasanayambe.

Panali chaka chimodzi chimene chiwaya chinapachikidwa. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala, m'masitolo a ku Hauna munalibe ufa wa tirigu, shuga kapena mafuta, ndipo malipiro a mwezi sankagula botolo limodzi. Chimene chigwa cha Honde sichisowa ndi nthochi. Agogo anabwerera ku zimene amayi awo ankaphika kusanabwere ufa wa m'sitolo. Ankasinja nthochi zakupsa ndi mgaiwa, n'kuphika chigumu mumphika wovundikira, makala pansi ndi pamwamba, chosafuna mafuta. Anansi ankati chikufanana ndi chimodho chawo. Akapeza timafuta tochokera ku Mozambique, kumene anthu ankawoloka wapansi kukasinthanitsa zinthu, ankakazinga zitumbuwa. Mu 2009 dola ya America itayamba kugwira ntchito ufa unabwerera, koma ndalama zachitsulo kunalibe, ndipo mandasi ankagwira ntchito ya chenji.

Mdzukulu uja anakula, nakwatiwa ndi mnyamata wa ku Chipinge, wogwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kumeneko. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu: kukwera kuchoka m'chigwa mpaka ku Mutare, kutsika kum'mwera kudzera ku Nyanyadzi, kukhota pa Tanganda ndi kukweranso mapiri. Tiyi wa ku Chipinge ndi wamkulu kwa wa ku Honde, pakuti anayamba m'zaka za m'ma 1920 pa munda wotchedwa New Year's Gift, ndipo lero kuli minda monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Southdown. Anthu ake amayankhula Chindau. Tsiku lonyamuka agogo anamupatsa kapu yobenthuka ija. Iye anailandira ndi manja awiri, koma mumtima ankaona ngati ndi mphatso ya nkhalamba yosowa chopereka.

Tiyi ali ndi nyengo. Mvula ikamagwa masamba amaphuka mosalekeza ndipo aliyense ali pantchito. Kukazizira tiyi amagona, ndipo ambiri olembedwa kwa nyengo amauzidwa kuti adikire. M'mwezi wa Juni wa chaka chawo chachinayi m'banja, mwamuna wake anali m'gulu la odikirawo, ndipo m'nyumba munali mwana wa zaka zitatu. Mayiyo anabwereka ndalama kwa mkazi mnzake, nagula ufa wa makilogalamu awiri, botolo la mafuta la malita awiri, shuga ndi timapaketi ta yisiti. Anagawa ufawo patatu kuti ayambe pang'ono. Ankadziwa zonse, kapena ankayesa choncho.

Beseni loyamba analisiya ola limodzi, monga ankachitira kwa agogo ake. Atavundukula anapeza ufa uli momwe anausiyira. Anakazingabe, ndipo anatuluka timiyala tolemera, takuda kunja, taphala m'kati. Minda ya tiyi ya ku Chipinge ili pamtunda, ndipo m'mawa wa Juni kumeneko ndi wozizira kuposa umene anazolowera m'chigwa. Tsiku lachiwiri anati agonjetse kuzizirako, nathira madzi ongophula pamoto. Anadikira maola atatu, ufa osasuntha. Anatsala ndi gawo limodzi, mafuta atachepa, ngongole ili pomwepo.

Usiku umenewo anaimba foni ya bambo ake napempha kuti aipereke kwa agogo. Anafotokoza zonse m'Chishona, mawu akunjenjemera. Agogo akanatha kumuyankha m'Chishona, pakuti amagulitsa m'chiyankhulocho tsiku ndi tsiku. Koma zinthu izi anali asanazinenepo m'chiyankhulo china, ndipo zinatuluka monga anazilandirira.

“Madzi unawayesa pati?”

Anayankha kuti sanawayese, anali otentha.

“Waipha yisiti, mwanawe. Madzi akhale osambitsira khanda. Kodi mwana wakoyo ungamusambitse madzi ophula pamoto?”

Anati ayi, Agogo.

“Nanga dzulo unavundukula nthawi yanji?”

Anati litakwana ola.

“Ufa sudziwa wotchi. Kwanuko n'kozizira. Ukakanda, uvundikire ndi chitenje, pamwamba bulangete, uike beseni pambali pa mbaula, osati pamoto. Pamene iwe ungakhale osatuluka thukuta, pamenepo. Ukatero uchokepo. Usamasuzumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukadzaona bulangete lakwera, ubaye ndi chala. Dzenje likatsala, watupa. Likatsekeka msanga, bwezera bulangete.”

Mayiyo anamva liwu lililonse. Panalibe limene anafunsa tanthauzo lake. Anadzuka pakati pa usiku, nayesa madzi kuseri kwa dzanja, nayeza ufa ndi kapu yobenthuka, nakanda mpaka ufa unayamba kutsatira dzanja. Anavundikira, nakakhala pakhomo atafunda chitenje, akumvera agalu a m'komboni. Kawiri anaimirira kuti akasuzumire, kawiri anakhalanso pansi. Patapita maola awiri ndi theka bulangete linali litakwera ngati chulu. Anabaya ndi chala, dzenje linatsala.

Foni ya ku Honde inalira kusanache, agogo ali kale pambaula yawo. Mwana wawo anawabweretsera ali ndi tulo m'maso. Kumbali inayo kunamveka mawu awiri okha: “Agogo, watupa.” Kanali koyamba kuti mdzukuluyo awayankhule m'Chichewa. Agogo sanachitepo ndemanga. Anangoti, “Tsina kaye kochepa uyese mafuta. Ndipo usaponye.” Onse awiri anaseka mpaka ndalama za m'foni zinatha.

Mandasi a tsiku limenelo anali 20 ndi mphambu zochepa, ndipo anatha dzuwa lisanatenthe, pamsewu wopita kufakitale. Pakutha pa sabata ziwiri ngongole inali itabwezedwa. Mpaka lero mayiyo amagulitsa, ndipo nyengo imene mwamuna wake ali pakhomo, beseni ndilo limadyetsa banja. Kwa ogula amati mafetikuku, pakuti wamalonda amatchula dzina limene ogula amalidziwa. M'nyumba amati mandasi.

Kungakhale kunama kunena kuti Chichewa chabwerera m'banjamo. Mayiyo sangathe kukamba nkhani ya maliro kapena ya ndale m'Chichewa. Sangawerenge kalata yochokera ku Mulanje, ngakhale kukanakhala woilemba. Mawu amene ali nawo mwina sapitirira makumi angapo, ndipo pafupifupi onse ndi aneni olamula, onena za ufa, moto ndi mafuta. Mwana wake akukula m'Chindau, ndipo kusukulu adzaphunzira Chingerezi. Ophunzira za zilankhulo angati m'banja ili chiyankhulo chafika pa mbadwo wotsiriza. Komabe mawu ochepawo si zokongoletsa zosungidwa m'kabati. Anagwira ntchito usiku umene banja linalibe pogwira, ndipo akugwirabe m'mawa uliwonse. Mwana uja, amene tsopano ali ndi zaka zisanu, amadziwa kuti kukanda kwa amayi ake pabeseni n'kosiyana ndi kukanda kwa anzake pabwalo la mpira, chifukwa anauzidwa nkhani ya chipsera asanaloledwe kuyandikira chiwaya.

Ku Honde manja a agogo ayamba kunjenjemera. Kukanda amakandabe, koma kuika m'mafuta anasiyira mpongozi wawo, mayi wa Chimanyika amene anaphunzira ntchitoyo mochedwa ndipo amaitchula m'chiyankhulo chake. Iwo amakhala pampando pambali pa mbaula, ndipo amadziwa kutentha kwa mafuta pongomva kulira kwake. Mwezi wathawu mdzukulu anatumiza mawu pa WhatsApp, theka Chishona theka Chichewa, kufunsa kapangidwe ka zitumbuwa, pakuti ufa wa tirigu wakwera mtengo ndipo nthochi ku Chipinge n'zosasowa. Agogo anamvetsera kawiri, nauza mwana wawo kuti agwire foni bwino, nayankha kuti: “Zimenezo si za pafoni. Ubwere pa Khirisimasi, ubwere ndi mwanayo. Nthochi zake uyenera kuziona ndi maso kuti zapsa bwanji.”